Fabergé sanasule dzira ndi limodzi lomwe, nanga dzina n'lake bwanji?

Kachipande22
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Mazira okongola a mafumu a ku Russia aja aliyense amangoti "mazira a Fabergé". Koma zikumveka kuti mwini dzinalo, Peter Carl Fabergé, palibe dzira ngakhale limodzi lomwe analisula ndi manja ake. Ngati zili choncho, kumeneku si kudyera amisiri masuku pamutu? Funso lachiwiri: golide wa m'dzira limodzi sangafike n'komwe pa mtengo womwe amagulitsira masiku ano. Ndiye anthu amagula chiyani kwenikweni?

Wosula_Mkuwa
Mwamva zoona, achimwene. Palibe chinthu chomwe akatswiri angaloze kuti ichi Carl anachipanga yekha. Koma pa masukupo dikirani kaye. Tembenuzani chinthu chopangidwa ku St Petersburg muone kunsi kwake: pali dzina la Fabergé, ndipo pambali pake pali zilembo za mmisiri wamkulu yemwe anachipanga. Munthu wobisa amisiri ake sachita zimenezo.

Mlonda_wa_Usiku
Sichinali chifundo chimenecho. Amisiri akuluwo anali eni a malo awo ogwirira ntchito, ndipo lamulo linkafuna kuti mwini malo adinde chidindo chake. Ku Moscow, komwe nthambi inali fakitale ya kampani, zilembo za mmisiri simuzipeza.

Gogo_Mbiri
Nonse mukunena zoona, koma tiyambe ndi munthuyo. Carl anabadwira ku St Petersburg mu 1846. Bambo ake, Gustav, anali wosula golide wochokera ku Pärnu, m'dziko lomwe lero ndi Estonia, ndipo anatsegula kasitolo mumsewu wa Bolshaya Morskaya mu 1842. Mu 1860 banja linasamukira ku Dresden. Kumeneko Carl anaphunzira za malonda, kenaka anakaphunzira kusula kwa mmisiri wa ku Frankfurt, n'kuyendayenda m'nyumba zosungira zinthu zakale za ku Ulaya. Choncho ntchitoyo ankaidziwa, sanali wogulitsa chabe. Sitolo ya bambo ake anaitenga mu 1872.

Chomwe ambiri amachidumpha ndi ichi: kwa zaka zingapo ankakonza zinthu zakale za golide za mu Hermitage, nyumba yachifumu yosungira zinthu zakale ku St Petersburg, osalipidwa. Sukulu yake yeniyeni inali imeneyo, chifukwa mabokosi a fodya a ku Paris a m'zaka za m'ma 1700 ankakhala m'manja mwake, ndipo luso la enamel (galasi lowotchera pa chitsulo) woonekera mkati lomwe linamutchukitsa analiona pamenepo.

Mu 1882 mng'ono wake Agathon analowa m'kampani ngati wojambula mapulani, ndipo chaka chomwecho anapata mendulo ya golide pa chionetsero cha ku Moscow. Zomwe zinakopa anthu kumeneko zinali zokopera za zodzikongoletsera za anthu akale a ku Scythia zofukulidwa ku Kerch, zomwe anasula Erik Kollin. Mu 1885 mfumu Alexander III anam'patsa udindo woperekera katundu kunyumba yachifumu, n'kumutuma kuti apange dzira la Pasaka la mkazi wake, Maria Feodorovna. Dziralo kunja n'loyera ngati la nkhuku lenileni. Mukatsegula mumapeza yolika ya golide, m'kati mwa yolika muli kankhuku ka golide, m'kati mwa kankhuku munali kachisoti kachifumu ka dayamondi ndi kamwala kofiira kolendewera. Ziwiri zomalizazi zinasowa.

Kachipande22
Onse alipo angati mazirawa?

Gogo_Mbiri
Omwe anaperekedwa kubanja lachifumu ndi 50. Khumi mu nthawi ya Alexander III, limodzi pachaka kuyambira 1885 mpaka 1894. Mwana wake, mfumu Nicholas II, ankalamula awiri pachaka, la amayi ake ndi la mkazi wake Alexandra, kuyambira 1895 mpaka 1916, kupatula 1904 ndi 1905 pa nthawi ya nkhondo ndi Japan. Awiri a 1917 sanafike kwa eni ake. Panalinso ena a anthu olemera wamba, monga asanu ndi awiri omwe Alexander Kelch anagulira mkazi wake. Koma musaiwale kuti mazira anali kachigawo kakang'ono ka ntchito. Kampani inkakhalira timabokosi ta ndudu, mafulemu a zithunzi, mawotchi a patebulo, zogwirira maambulera ndi ziwiya za siliva.

Wosula_Mkuwa
Tibwerere ku funso loti ankachita chiyani. Mu 1900 anasamukira m'nyumba yatsopano pa Bolshaya Morskaya 24, momwe munali sitolo, chipinda cha ojambula mapulani, malo a amisiri akulu angapo ndi nyumba yake yogona. Amisiri akuluwo ankalemba okha antchito awo, koma ankagwirira Fabergé yekha. Mapulani ndi miyala yamtengo wapatali zinkachokera kwa iye, ndipo zomalizidwa zinkagulitsidwa m'sitolo yake.

Mmisiri wamkulu pa onse anali Erik Kollin mpaka 1886, kenaka Mikhail Perkhin mpaka imfa yake mu 1903, kenaka Henrik Wigström mpaka kumapeto. Za miyala ndi ndolo ndi mikanda zinali m'manja mwa August Holmström ndi mwana wake Albert. Ziwiya zikuluzikulu za siliva zinali m'manja mwa Julius Rappoport. Ambiri mwa iwo anali ochokera ku Finland.

Tsono taganizani kabokosi kamodzi ka ndudu. Wojambula amajambula ndi utoto pa pepala. Wosula amaumba thupi ndi mahinji. Wa makina amazokota mizere. Wa enamel amawotcha. Wina amasema mkombero wa masamba a golide, wina amaika tidayamondi pa chotsegulira, wina amapukuta, wina amapanga kabokosi ka mtengo kosungiramo. Manja asanu ndi atatu kapena kupitirira, ndipo aliyense akhoza kuwononga ntchito ya anzake onse. Kuti anthu pafupifupi 500 atulutse zinthu zooneka ngati zatuluka m'dzanja limodzi, pamafunika diso limodzi lovomereza pulani ndi kukana chomwe sichinafikepo. Diso limenelo linali la Carl.

Ng'anjo800
Funso lachiwiri lija yankho lake ndi enamel. Ndifotokoze momwe amapangira, kenaka muweruze nokha.

Enamel ndi galasi. Amasungunula mchenga woyera pamodzi ndi soda kapena potashi ndi mtovu, n'kuthiramo tinthu ta zitsulo topereka mtundu: cobalt amapereka buluu, mkuwa wobiriwira, manganese wapepo, golide wofiirira ngati duwa, tin woyera wosaonekera mkati. Zimabwera ngati zibenthu za galasi. Mumasinja mu kamtondo ka mwala wa agate muli madzi, mpaka zikhale ngati mchenga wosalala. Kenaka mumatsuka: kuthira madzi, kuvundula, kudikira kuti zikhazikike, kukhetsa madzi oyererawo, kubwereza mpaka madzi atuluke oyera mbee. Fumbi lotsalalo ndi lomwe limachititsa enamel kuoneka ngati muli chifunga. Madzi omaliza akhale otchezedwa kuchokera ku nthunzi, chifukwa mchere wa m'madzi a pampopi umasiya timadontho toyera.

Chitsulo chikhale choyera kotheratu, chopanda mafuta a zala. Mumapaka ufa wonyowawo ndi nthenga yosongoledwa kapena kasupuni kopyapyala, pang'ono pokha, kuti mizere ya pansi izionekerabe. Mumamwetsa madzi ndi kansalu m'mphepete, n'kuumitsa pamwamba pa ng'anjo mpaka kuumiratu. Mukalowetsa chonyowa, nthunzi imaphulitsa ufa n'kusiya mabowo.

Ng'anjo ikhale pakati pa madigiri 700 ndi 800. Chinthu chaching'ono chimakhalamo mphindi imodzi mpaka zitatu. Poyamba pamwamba pamaoneka ngati shuga, kenaka ngati khungu la lalanje, kenaka pamawala. Pa mawotchedwe oyambirira mumatulutsa pakadali ngati khungu la lalanje, chifukwa chibwereranso pamoto. Nthawi ya Fabergé kutentha ankakuyeza ndi maso, poona kufiira kwa m'ng'anjo.

Tsono mumabwereza, kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Mtundu wofuna moto wambiri umayamba, wosachedwa kupsa monga wofiira umabwera kumapeto. Pakati pa magawowo ankatha kujambula timitengo kapena kuika tizidutswa ta golide, n'kuphimba ndi gawo lina, ndiye chojambulacho chimaoneka chili m'kati mwa galasi. Pomaliza mumapala ndi mwala pansi pa madzi kuti pakhale posalala, mumatsuka bwinobwino, n'kupukuta ndi gudumu la mtengo ndi chikopa chofewa kwa maola ambiri. Kampaniyo inali ndi mitundu yoposa 140 yoti wogula asankhe. Otsogolera ntchitoyi anali Alexander Petrov ndi mwana wake Nikolai.

Vuto lalikulu: zonsezi n'zosavuta pa chitsulo chafulati chaching'ono. Pa dzira, galasi likasungunuka limafuna kutsetsereka kupita pansi. Kumtunda kumapyapyala, kumunsi kumanenepa, ndipo popeza enamel woonekera mkati amada malinga ndi kunenepa kwake, mtundu umasiyana pa chinthu chimodzi. Pamafunika kusakaniza ufa ndi kaulimbo kopyapyala ka gum tragacanth kuti ugwire pakhoma, kupaka magawo opyapyala kwambiri, ndi kutembenuza chinthucho pamoto. Kupeza mtundu umodzimodzi kuzungulira dzira lonse, pamenepo ndi pomwe ena ankalephera.

Nachisale_J
A Ng'anjo800, mwaiwala kuseri. Pozizira chitsulo chimafupika kwambiri kuposa galasi. Mukapaka mbali imodzi yokha, mbale yopyapyala imapindika ndipo enamel amathetheka, nthawi zina patapita masiku. Mumapakanso enamel kuseri kuti mphamvu zilingane, kapena mugwiritse chitsulo chochindikala. Ndipo chikatuluka m'ng'anjo musachiike pa chitsulo chozizira.

Ng'anjo800
Zoona mayi. Ndiwonjezerenso ziwiri. Chowotcherera chilichonse chomwe chili pa chinthucho chikhale cholimba, chosungunuka pa moto woposa wa enamel, apo ayi mfundo zimamasuka m'ng'anjo. Ndipo chitsulo chokhala ndi zinc, monga brass, enamel sagwira bwino. Wofiira ndi wapinki akakhudza siliva mwachindunji amasanduka wachikasu chakuda, ndiye mumayamba mwayala enamel wopanda mtundu, kapena mupake pa golide.

Kachipande22
Nanga mafunde aja amaoneka pansi pa enamel, amajambula ndi dzanja?

Rosette_12
Ayi, ndi makina, koma oyendetsedwa ndi manja. Ntchitoyo imatchedwa guilloché. Makina alipo awiri: ozokota mozungulira ndi ozokota mizere yowongoka. Pa ozungulirawo, chinthu chimamangidwa pa mutu wa makina, ndipo pa mtanda womwewo pali timagudumu ta mkuwa tokhala ndi m'mphepete mwa mafundemafunde. Kachitsulo kosasuntha kamatsamira pa gudumu lomwe mwasankha. Mukamazunguza chogwirira ndi dzanja lamanzere, mutu wonse umagwedezeka motsatira mafundewo, pamene dzanja lamanja likukankha kampeni kozokotera. Kampeni sikayenda, chomwe chimavina ndi chinthucho.

Mzere umodzi ukatha mumabweza kampeni, mumasuntha pang'ono zedi, mwina mumatembenuzanso gudumu mano angapo kuti funde lotsatira lisagwere pomwe panagwera linzake, n'kuyambanso. Kusuntha gudumu kumeneko ndi komwe kumabala maonekedwe a nsalu ya silika kapena kuwala kwa dzuwa. Kabokosi kamodzi kamafuna mizere mazanamazana. Kuya kwake n'kochepera gawo limodzi mwa khumi la milimita, ndipo pambali pa kampeni pamakhala kachitsulo kotsetsereka pamwamba kuti kuya kusasinthe.

Zomwe zimalakwika: mukaiwala kuwerenga n'kudumpha dzino limodzi, mzere umodzi umasemphana ndi anzake ndipo enamel amauonetsa poyera, palibe kufufuta. Mukakankha mosasamala, mzere umaya kwambiri ndipo pamenepo mtundu umada. Kampeni kakabuntha kamang'amba m'malo modula, mzere suwala. Ndipo mukamaliza simupukutanso, chifukwa kuwala konse kumachokera m'makona akuthwa a mizereyo. Kuviika nthawi yaitali mu asidi kumaphanso kuwalako.

Onani dzira la 1897 lokumbukira kuvekedwa ufumu kwa Nicholas II. Enamel wachikasu pamwamba pa mizere yonga nyenyezi, kutsanzira mkanjo wa golide womwe mfumukazi inavala. M'kati muli kangolo kachifumu kotalika masentimita osakwana 10, komwe Georg Stein anakapanga kwa miyezi 15. Mawilo amazungulira, zitseko zimatseguka, timasitepe timatsika, mawindo ndi a mwala woonekera.

Mphawi_Sagona
Zonsezi n'zokoma kumva, koma tikuyamikira zidole za banja limodzi pamene anthu wamba a ku Russia ankagona ndi njala. Dzira la Winter la 1913 linadya ma ruble 24,600. Wantchito wa m'fakitale akanagwira moyo wake wonse osaiona ndalama imeneyo. Mu Januwale 1905 asilikali anawombera anthu omwe ankapita kukadandaula kwa mfumu, mu mzinda womwewo.

Rosette_12
Palibe akutsutsa. Koma mwafunsidwa za ndale?

Mphawi_Sagona
Wafunsa za kudyera masuku pamutu. Ndikuyankha zomwezo.

Gogo_Mbiri
A Mphawi_Sagona ali ndi mfundo, ndipo mbiri inawayankha kale mwankhanza. Nkhondo ya 1914 itayamba amisiri ambiri anatengedwa usilikali, ndipo kampani inayamba kupanga ziwiya za mkuwa, majakisoni a m'chipatala ndi zida za nkhondo. Dzira limodzi la 1916 n'lachitsulo, loimikidwa pa timabomba ta mizinga. Mu 1918 kampani inatsekedwa, katundu analandidwa, ndipo Carl anathawa kudzera ku Riga ndi Germany mpaka Switzerland. Anamwalira kumeneko, ku Lausanne, pa 24 Sepitembala 1920, ndipo manda ake ali ku Cannes. Boma la Soviet litasowa ndalama zakunja linagulitsa mazira ambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1930, ena pa mtengo wolira. Ogula odziwika anali Armand Hammer wa ku America ndi Emanuel Snowman wa sitolo ya Wartski ku London. Khumi anatsala mu Kremlin ku Moscow.

Koma dzira la Winter lomwe mwatchulalo limayankhanso funso la amisiri. Analijambula ndi Alma Pihl, mdzukulu wa August Holmström, ali ndi zaka za m'ma 20, mkazi pa ntchito yodzaza amuna. Ndi iyenso anajambula dzira la Mosaic la 1914. Zitasokonekera anapita ku Finland n'kukhala mphunzitsi wa zojambula pasukulu.

Bra_Joni_GP
Pepani kusokoneza. Fabergé ameneyu ndi yemwe uja wa pa botolo la mafuta onunkhira a Brut?

Mlonda_wa_Usiku
Dzina ndi lomwelo, munthu ayi. Wamalonda wa ku America, Samuel Rubin, anayamba kugulitsa mafuta onunkhira m'dzina limeneli mu 1937 banja lisakudziwa. Ana a Carl atadandaula anagwirizana mu 1951 pa madola 25,000 okha. Brut anabwera pambuyo pake. Mu 1989 Unilever inagula kampaniyo pa madola 1.55 biliyoni. Yerekezani manambala awiriwo.

Kafubu_Green
Ndipo dzinalo linafika mpaka kwathu kuno. Mu 2007 Unilever inaligulitsa ku kampani ya Pallinghurst, ndipo mu 2013 linalowa m'manja mwa Gemfields, kampani yomwe ili ndi magawo 75 pa 100 a mgodi wa emarodi wa Kagem ku Lufwanyama, Zambia, komanso a mgodi wa rubi wa Montepuez ku Mozambique. Pa nthawi yomwe dzinali linali m'manja mwa Gemfields, zodzikongoletsera zake zatsopano zinkaikidwa miyala ya m'migodi imeneyi. Koma zimenezo si za Carl, tisasakanize.

Poti tafika pa miyala: iye sankathamangira miyala ikuluikulu. Mu 1914 anauza magazini ina ya ku St Petersburg kuti chinthu chodula chifukwa chongodzaza dayamondi sichimukopa, ndipo anatchula Tiffany, Boucheron ndi Cartier kuti ndi amalonda. Tidayamondi take tambiri n'tating'ono, todulidwa mwa rose cut, kunsi kwafulati, tosawala mopambanitsa, kuti tisaphimbe enamel.

Mphamvu yake inali pa miyala ya ku Russia: nephrite wobiriwira wa ku Siberia, rhodonite wapinki wa kumapiri a Ural, jasper, obsidian, ndi rock crystal. Mwala wotere susemedwa ndi tchizulo. Mumayamba ndi chifanizo cha phula, mumadula mwala ndi sowo, kenaka mumaupera pa timagudumu ta chitsulo kapena mkuwa tozungulira, topakidwa phala la emery kapena fumbi la dayamondi. Chodula ndi fumbilo, gudumu limangolinyamula. Madzi kapena mafuta asaleke kudontha, chifukwa kutentha kumang'alula quartz. Mukasintha kuchoka pa fumbi lokhakhala kupita pa losalala, tsukani zonse, chifukwa kambewu kamodzi kotsalira kamakanda ntchito ya sabata yonse.

Nephrite ndi wofewerapo kuposa quartz, pafupifupi 6 mpaka 6.5 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, pamene quartz ndi 7, koma ulusi wake ndi wolukana, ndiye sasweka msanga. N'chifukwa chake masamba a timaluwa tawo ndi a nephrite: mukhoza kumupera mpaka kuwala kuzidutsa. Kavazi ka maluwawo ndi chibenthu chimodzi cha rock crystal. Amakumba kumtunda kokha mpaka pomwe madzi akanalekezera, kumunsi amakusiya kwathunthu, n'kuboola kabowo kopendekeka ka phesi la golide. Diso limaona madzi pomwe pali mwala. M'kati mwa kabowoko muyenera kupukutidwa mpaka kuwala, apo ayi pamaoneka mzere woyera ndipo chinyengocho chimaululika.

Mu 1907 Edward VII wa ku Britain analamula zifanizo za ziweto za pa famu yake ya Sandringham. Osema anapita komweko kukaumba ndi phula, miyala inasankhidwa molingana ndi ubweya wa nyama iliyonse. Galu wake Caesar ali m'gulumo.

Wosula_Mkuwa
Pa golide ndiwonjezere, chifukwa a Kachipande22 anafunsa za mtengo wake. Ku Russia ankayeza ndi zolotnik, ndipo 96 ndiye chitsulo chosasakaniza. Gawani nambala ya pa chidindo ndi 96. Golide wa 56 ndi magawo 583 pa 1000, ndiye 14 carat. Wa 72 ndi 750, 18 carat. Siliva wa 84 ndi 875, wa 88 ndi 916, wa 91 ndi 947. Zinthu zambiri za Fabergé ndi golide wa 56, ndipo pansi pa enamel nthawi zambiri pamakhala siliva wa 88. Ndiye mukasungunula simupeza zambiri.

Mitundu ya golide imachokera m'zosakaniza. Pa magalamu 100 a 18 carat, 75 ndi golide. Otsala 25 akakhala siliva yekha mumapeza wobiriwira, akakhala mkuwa yekha wofiira, mukagawa pakati wachikasu. Woyera amafuna nickel kapena palladium. Masamba a golide wobiriwira omangidwa ndi kariboni ka golide wofiira ndi chizindikiro chawo chodziwika. Chenjezo kwa osula: golide wofiira wa 18 carat mukamusiya azizire pang'onopang'ono amauma n'kumathetheka pomusula. Muviikeni m'madzi akadali wotentha, kufiira kukangozimirira.

Kachipande22
Ndiye wosungunula amaluza?

Nachisale_J
Zinatsala pang'ono kuchitika. Dzira lachitatu, la 1887, lokhala ndi wotchi ya Vacheron Constantin m'kati, linagulitsidwa ku New York mu 1964 pa madola 2,450 popanda wodziwa kuti n'lachifumu. Patapita zaka, wogula zitsulo zosungunula wa ku America analigula pa madola pafupifupi 14,000, poganiza kuti apindula pa golide. Ogula anamukana kuti wadulitsa, ndipo n'chomwe chinalipulumutsa. A ku Wartski analitsimikiza ndipo linaonetsedwa ku London mu 2014. Mtengo wake unayerekezedwa pa madola 33 miliyoni.

Bra_Joni_GP
Ndiye tikasake m'misika ya kaunjika, mwina tingatole lathu.

Mlonda_wa_Usiku
Mudzatola zabodza, chifukwa zilipo zambiri kuposa zenizeni. Poyesa yambani ndi zidindo, koma musathere pomwepo.

Isanafike 1899, chidindo cha St Petersburg chinali anangula awiri opingasa ndi ndodo yachifumu, cha Moscow chinali George Woyera pa kavalo. Kuyambira 1899 mpaka 1908 ndi mutu wa mkazi wovala chisoti cha kokoshnik, woyang'ana kumanzere, ndi zilembo za woyesa zitsulo. Kuyambira 1908 mutuwo umayang'ana kumanja, ndipo pali chilembo cha Chigiriki cha dera: alpha ndi St Petersburg, delta ndi Moscow. Tsono phatikizani ndi zaka za mmisiri. Perkhin anamwalira mu 1903, choncho zilembo zake pambali pa mutu woyang'ana kumanja ndi bodza loonekeratu. Za ku Moscow zimakhala ndi chiwombankhanga cha mitu iwiri pamwamba pa dzina, ndi K patsogolo. Zambiri zili ndi nambala ya m'kaundula yokandidwa ndi singano, yomwe nthawi zina imapezeka m'mabuku a kampani.

Koma chidindo n'chosavuta kuba kuposa luso. Onamiza ena amatenga chinthu chenicheni cha ku Russia cha mmisiri wina n'kudindapo dzina. Yang'anani ndi galasi lokuzira: chidindo chodindidwa enamel atawotchedwa kale chimasiya chotupa kapena mng'alu kuseri. Chidindo choumbidwira limodzi ndi chinthu chimakhala ndi m'mphepete mofewa. Yang'anani hinji: pa kabokosi kenikeni mfundo zake zimalowererana mpaka simuona polumikizira, ndipo chivundikiro chimatseka popanda mpata. Yang'anani enamel pa kuwala kopendekeka, muone timabowo, thovu kapena mtundu wosiyana m'makona. Ndipo chinthu chodzaza ziwombankhanga ndi zisoti ndi miyala paliponse chikayikireni, amachipangira ogula ofuna "zachifumu".

Rosette_12
Komanso kulemera. Zokopera zambiri n'zoumbidwa m'chikombole, ndiye zimalemera mopusa, ndipo mizere ya pansi pa enamel imakhala yodindidwa, yozungulira m'makona. Mukapendeketsa, kuwala sikuthamanga.

Ng'anjo800
Kapena si galasi n'komwe, ndi utomoni wa pulasitiki wopakidwa osawotcha. Umamveka wofunda m'manja ndipo singano imaukanda.

Kachipande22
A Wosula_Mkuwa, mwatchula siliva wa 91. Ngati 88 ankakwanira, 91 anali wa chiyani?

Wosula_Mkuwa
Makamaka wa msika wa ku Britain. Nthambi ya London inatsegulidwa mu 1903, pambuyo pa ya Moscow ya 1887 ndi ya Odessa. Lamulo la kumeneko limafuna siliva wosachepera 925, ndipo 88 ndi 916, sakwana. Komanso a Goldsmiths' Company, bungwe loyesa ndi kudinda golide ndi siliva ku London, anaumirira kuti katundu wa Fabergé adindidwe ku London monga wa aliyense. Nkhani inapita kukhoti ndipo Fabergé analuza cha mu 1910. Vuto lake mwaliona kale pa zomwe anena a Mlonda: simungadinde chinthu chomwe chawotchedwa kale enamel, chimathetheka. Ndiye zinthu zinkayenera kupita ku London zisanamalizidwe, kukayesedwa ndi kudindidwa, kubwerera ku St Petersburg kukawotchedwa, n'kupitanso ku London kukagulitsidwa. Ulendo katatu pa kabokosi kamodzi. Nthambiyo inatsekedwa nkhondo ili m'kati.

Mphawi_Sagona
Chabwino, luso ndalivomera. Koma pa zikwangwani za m'nyumba zoonetsera azilemba Perkhin ndi Pihl ndi zilembo zofanana kukula ndi za bwanayo.

Nachisale_J
Amisiri akulu amalembedwa kale, ku Fabergé Museum ya ku St Petersburg, komwe kuli mazira asanu ndi anayi achifumu omwe Viktor Vekselberg anagula kubanja la Forbes mu 2004, ngakhalenso ku Virginia Museum of Fine Arts komwe kuli asanu. Omwe salembedwa ndi a enamel ndi a makina a guilloché, chifukwa analibe chidindo chawochawo.

Bra_Joni_GP
A Ng'anjo800, munthu wofuna kuyesa enamel ayambire pa chiyani? Siliva ndi wodula.

Ng'anjo800
Mkuwa weniweni, osati brass. Dulani kabwalo ka masentimita atatu, kochindikala milimita imodzi, kapindeni pang'ono ngati kambale kuti kasapotoke. Tsukani mpaka madzi aziyala pamwamba osapanga madontho. Yambani ndi kuseri, wotchani, chotsani makoko akuda a kutsogolo mu asidi wofatsa, tsukaninso, kenaka yalani enamel wopanda mtundu n'kuwotcha mpaka mkuwa uoneke wowala pansi pake. Ukaoneka wofiira mwakuda, moto unachepa, bwezerani. Mtundu ubwere pa gawo lachiwiri. Gulani enamel wopanda mtovu, valani chotchinga mphuno posefa ufa wouma, ndipo mtundu uliwonse muyambe mwauyesa pa kachidutswa kapadera, chifukwa mtundu wa ufa m'botolo si womwe umatuluka m'ng'anjo.